Mfuti ya Misomali Kuseri kwa Chitseko

Mpaka lero, ndikamva fungo la utuchi wa mlombwa utanyowa ndi mvula, makutu anga amayamba okha kudikira phokoso lija: tha! Kenaka zii. Kenakanso tha! Linkachokera m'chipinda chakumbuyo cha nyumba imene tinkachita lendi ku boma la Lundazi, chakumunsi kwa msika, momwe bambo anga, Adada, ankagwiriramo ntchito yawo ya ukalipentala. Linali dzinja la chaka chimene ndinali mu giredi faivi, mlongo wanga Wezi asanayambe n'komwe sukulu. Mvula inkagwa ngati yatumidwa, matabwa ankafufuma, zitseko zinkakana kutsekeka, ndipo m'nyumba monse munkamveka fungo la guluu, vanishi ndi mankhwala a chifuwa.

Adada, amene anthu ankawatcha a Zimba a makabati, ankadziwika ndi makabati a magalasi, aja oikamo mbale ndi makapu oti alendo azingowaona koma osamwera. Iwo ankati kulumikiza matabwa akuluakulu aliyense angathe, ngakhale wokhoma khola la nkhumba. Chimene chinkasiyanitsa kabati yawo ndi za ena chinali timatabwa topyapyala ta m'mphepete, timene timagwira galasi ndi kubisa polumikizira. Timeneti ankatikhoma atapana kamsomali ndi zala ziwiri, n'kumakagogoda pang'onopang'ono ndi kahamala kawo ka chigwiriro chodetsedwa ndi thukuta. Atayamba kudwala matenda aja amene masiku amenewo sitinkawatchula dzina, ntchito imeneyi ndi imene inayamba kuwakana. Manja ankanjenjemera, hamala inkaphonya msomali n'kusiya chipsera pathabwa, mwinanso kathabwa kankang'aluka pakati. Tsiku lina inaphonyeratu n'kukagwera pagalasi. Ndinawapeza atakhala pansi pakati pa magalasi osweka, ndipo sanandithamangitse monga ankachitira ndikalowamo wopanda nsapato.

Mvula isanayambe anakwera basi ya ku Lusaka, akuti kukaonana ndi madokotala aakulu. Anabwerako ali mbuu ndi fumbi, ataonda kuposa mmene anapitira, atakumbatira katoni. Amama anawafunsa zimene madokotala ananena. M'malo moyankha, Adada anamasula katoniyo n'kutulutsa chinthu chachikasu chokhala ndi chigwiriro, pokhethemulira ndi chingwe cha magetsi. Ine ndi Wezi tinathawira kuseri kwa chitseko, poyesa ndi mfuti yeniyeni. Inali mfuti ya misomali. Timisomali take tinali toonda ngati singano, topanda mitu yooneka, tomatana m'mizere ngati mano a chipeso. Za madokotala sitinazimvenso.

Nkhani ya mmene anaisankhira anaikamba kambirimbiri, moti ndinachita kuiloweza. M'sitolo ya zida munali mitundu iwiri. Ina inali yampweya, yamphamvu zedi, koma inkafuna chimakina chopopa mpweya, chaphokoso ndi cholemera, choti pabasi sakanakwera nacho. Ina inali yamagetsi, yongolumikiza ku soketi basi. Wogulitsa ankawakakamiza yamphamvuyo, koma Adada ankati munthu sagula nkhwangwa kuti azisongolera pensulo. Yamagetsinso inalipo yamitundumitundu, ndiye ankanyamula iliyonse, kuitukula pamwamba pa mutu, n'kudikira kuti aone ngati dzanja litope msanga. Anafunsa ngati imalandira misomali yaifupi ndi yaitali yomwe. Anapempha kachidutswa ka thabwa n'kuyesa ngati mphuno yake ikulowa pangodya osasiya chipsera. Pomaliza anasankha yopepuka kuposa zonse, ya chigwiriro chochepa chimene dzanja lawo linkachita kuchimeza, n'kugulanso timabokosi tambiri ta misomali, poti ku Lundazi kunalibe wogulitsa.

"Wa mu shopu anaseka," ankatero Adada. "Ati, mudala, iyo ni ya azimayi."

Ife ana tinkaseka nawo. Amama sankaseka, ankangopitiriza kusankha nyemba.

Masabata oyamba Adada anagwiritsa ntchito mfutiyo okha, ndipo ndinayesa zinthu zabwerera mwakale. Koma Khirisimasi isanafike miyendo inakana kuwaimika nthawi yaitali. Amama anawakokera mpando wa ndalema m'chipinda chantchito, n'kuwafunditsa bulangete m'miyendo ngakhale kunkatentha. M'mawa wina ndinamva akuitana Amama mwa Chitumbuka cha kwawo, ngakhale Amama anali Mchewa wa ku Katete.

"Anyina Towela, bwelani kuno mugwile."

Towela ndine. Ndinaima pakhomo n'kumaonerera mayi anga, amene sanakhomepo msomali chibadwire, atagwira chinthu chija ndi manja awiri ngati chikuti chiwalume. Atakhethemula koyamba anatsinzina n'kukuwa, "Mayo!"

"Mukatseka maso muzakhoma chala," anatero Adada. "Iyi si njoka. Iyang'aneni."

Anawaphunzitsa ali khale pampando, mawu akuduka ndi chifuwa. Mphuno ya mfuti igunde thabwa mowongoka ndipo muipanikize, apo ayi msomali utsala panja. Musayambe pa kabati, yambani mwayesa pachidutswa. Kathabwa kakakhala kopyapyala ikani misomali yaifupi, kuti isatulukire kuseri n'kukapeza galasi. Musakhome kunsonga kwenikweni, kang'aluka. Chogwira kwenikweni ndi guluu, msomali umangodikirira kuti guluu aume, ndiye osachulutsa ngati mukubzala mapira. Msomali ukakodwa m'kati, yambani mwazula chingwe ku soketi musanatsegule. Chimene ankabwereza kwambiri chinali chakuti dzanja logwira thabwa lizikhala patali, chifukwa kamsomali koonda kakakumana ndi mfundo m'mlombwa kamakhota n'kutulukira cham'mbali. Amama anazimva bwino zimenezi tsiku limene kamodzi kanawabaya chala chachikulu. Anayamwa magaziwo, kumanga kansanza, n'kupitiriza.

Sizinatenge nthawi. Manja ozolowera kusoka ndi kupeta anagwira msanga. Amama anaphunzira kucheka nsonga za timatabwa mopendeka kuti tikumane bwino pangodya, kutseka timabowo ta misomali ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, n'kupukuta ndi sandipepa mpaka chala chisamvenso pamene msomali walowera. Matabwa akuluakulu ankawacheketsa ku makina a kumsika, ena onse anali manja awo. Adada ankayendetsa chikhato pa ntchitoyo atatsinzina, n'kungoti, "Hmm." Kwa Adada, mawu amenewo anali kuyamikira kwakukulu.

Koma zonsezi zinkachitika chitseko chili chotseka, pawindo atapachikapo chitenje. Onse awiri anagwirizana kuti palibe angagule kabati yokhomedwa ndi mayi, ndiponso dzina la a Zimba a makabati linali lisanafe. Ife ana anatiuza kuti za m'nyumba saulula. Wogula akagogoda, Amama ankakutumula utuchi m'tsitsi, kumanga duku mwamsanga, n'kuwagwira Adada m'khwapa mpaka pakhonde. Asanatsegule chitseko, Adada ankatapa utuchi pang'ono n'kudziwaza pa thalauza ndi m'mikono. Ndinkafuna kuseka ndikaona zimenezo, koma ndinkangoyang'ana kumbali. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amake Jesi, ankati akakumana ndi Amama pampopi, "Koma a Zimba achila, ka? Timvela makina alila tsiku lonse." Amama ankangoti, "Mulungu ni wabwino," atabisa chala chomanga chija kuseri kwa ndowa.

Amene ankalamula nyumba yathu dzinja limenelo anali magetsi. Bingu likangogunda kutali, ankathima, nthawi zina mpaka mawa lake kapena mkuja. Tinkasiya babu la m'chipinda chantchito lili loyatsa kuti tidziwe akabwera. Likangoti ngwee, Amama ankasiya chilichonse, kaya ndi zochapa, kaya mphika uli pamoto, n'kuthamangira kumbuyo. Masiku ena ankabwera ofooka, babu lili psuu ngati khala la moto, ndipo mfuti inkalira mwaulesi n'kusiya misomali ili njo. Pamenepo Adada ankati tileke, tingawononge thabwa la eni. Ndiwo zinapserera kangapo dzinja limenelo, koma tinkadya, ndipo ine sindinasiye sukulu.

Chimene chinkawadya Amama m'mtima ndinachimva masana ena ndikutsuka mbale pansi pa windo. Kwawo kwa Adada, kumudzi ku Mphamba, ndi kwa malowolo. Ng'ombe zinapita ku Katete Amama akukwatiwa, choncho ine ndi Wezi tinali ana a kuchimuna. Mwamuna akamwalira, abale ake ankabwera kudzatenga katundu ndi ana omwe, ndipo mkazi wopanda chodyetsera ana analibe pogwira pokana. Koma mawu a munthu amene ali pafupi kufa sankawaphwanya wamba. Mkulu wawo wa Adada, a Yotamu, amene ife tinkawatcha Adada aakulu, akanamva kuchokera pakamwa pa mng'ono wawo kuti zida zitsale ndi mkazi, poti ndiye wakhala akugwira ntchito, akanatisiya ndi Amama.

"Awiske Towela, muwauze alamu," ankatero Amama kwa Adada. "Ine nikakamba neka sazamvela. Mukapita osakamba, azanitengela ŵana."

"Nizakamba. Akabwela nizakamba."

"Paja zengerezu adalinda kwawukwawu."

Ndinatsuka mbale imodzimodziyo mpaka madzi anazizira. Aka kanali koyamba kumva mawu oti "mukapita" m'nyumba mwathu, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Adada aakulu anabwera Loweruka lina panjinga, majombo ali matope okhaokha, atamangirira nkhuku ndi kathumba ka mtedza pakaliyala. Ndisawanamizire, sanali munthu woipa. Anali mlimi wa fodya wa mawu ochepa, ndipo ataona mmene mng'ono wawo anathera, anatembenukira kukhoma n'kupukuta m'maso ndi chipewa. Pabalaza panali kabati imene Amama anali atangomaliza, ya mkazi wa mphunzitsi wina, ikunyezimira vanishi. Adada aakulu anaimirira n'kuizungulira. Anayendetsa chala chawo chokhakhala m'timatabwa ta m'mphepete, kufunafuna mitu ya misomali, osaipeza.

"Lameki," anatero Adada aakulu, kuwaitana Adada ndi dzina lawo, "ndiwe wapanga ichi? Na matenda yose aya?"

Amama anali atagwada pakhomo ndi beseni la madzi osamba m'manja. Ine ndinali kumbuyo kwawo ndi thaulo. Tonse tinayang'ana pakamwa pa Adada. Ndinaona nkhope yawo ikuwala mmene inali isanawalire dzinja lonselo. Anadzikoka n'kukhala mowongoka pampando.

"Ndine, akulu," anatero. "Manja akalipo."

"Yewo, yewo chomene!" anatero Adada aakulu akuwomba m'manja. "Nikawauze kukaya kuti Lameki wachali mwanalume." Ankatanthauza kuti akauza anthu kumudzi kuti Lameki akadali mwamuna.

Amama anawathirira alendo madzi m'manja osataya ngakhale dontho. Anaphika nkhuku ija, kuperekeza alamu awo mpaka pamsewu, n'kubwerera molunjika m'chipinda chakumbuyo. Madzulo amenewo mfuti inalira mosapumira, tha tha tha, pachidutswa cha thabwa chopanda ntchito. Adada anaitana ali pabalaza kuti misomali ikuwonongeka. Mfuti inapitiriza kulira. Patapita kanthawi ananena motsitsa mawu, osadziwika ngati akuuza Amama kapena khoma, "Akabwelanso nizakamba."

Anamwalira chimanga chachiwisi chitayamba kuoneka pamsika. Adada aakulu anabweradi, koma kudzanyamula maliro. Tinakawaika ku Mphamba mvula ikuwaza, dothi lofiira likumatirira kumapazi. Titameta, Amama anabwerera nafe ku boma, n'kuyamba kumalizitsa kabati ina imene inatsala theka. Ankagwira ntchito chitseko chili chotsekabe, mwina chifukwa cha chizolowezi, mwina poopa kuti anthu anganene kuti namfedwa wayamba msanga kugwira zida za malemu.

Ngolo ya ng'ombe inafika m'mawa wina kutagwa chimvula chamabingu. Munali Adada aakulu, amuna ena awiri a kumudzi, ndi Ankhazi, mlongo wawo wa Adada, mayi wa pakamwa pakuthwa amene sanawakondepo Amama. Anakhala pabalaza, amuna pamipando, akazi pamphasa. Adada aakulu anayankhula mofatsa. Anati katundu wa malemu apita kumudzi, ana apita kukakulira pakhomo pa atate awo, ndipo mlamu ali ndi ufulu wobwerera kwawo ku Katete, popeza m'tauni mkazi yekha sangadyetse ana.

Amama anagwada. Ananena zonse. Anati kuyambira Khirisimasi isanafike makabati onse anakhoma ndi iwo, malemu akungowalangiza ali pampando. Anati mipando, bedi, wailesi, zonse atenge, koma awasiyire zida ndi ana.

Ankhazi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "NyaPhiri, chisoni chakuzunguza mutu? Mwanakazi na kabati?"

"Ni zoona!" ndinakuwa ine. "Nenze kuona!"

"Chete, iwe! Ŵalala ŵakuyowoya," anandikalipira Ankhazi, kutanthauza kuti akulu akuyankhula.

Adada aakulu anakweza dzanja kuti onse akhale chete. Anatembenukira kwa Amama n'kunena kuti, "Mlamu, ngati n'zoona, tiwonetseni."

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Tonse tinalowa m'chipinda chakumbuyo. Amama anatenga kathabwa, kukapaka guluu, kukaika pamalo pake, kulowetsa mzere wa misomali mu mfuti mwaluso loti aliyense wamaso akanaona. Analumikiza chingwe ku soketi, kugunditsa mphuno pathabwa, dzanja lina patali, n'kukhethemula. Zii. Anakhethemulanso. Zii. Apo m'pamene tonse awiri tinakweza maso kuyang'ana babu. M'chipwirikiti cha alendo tinali titaiwala kuti magetsi anapita ndi mabingu a m'mawa.

"Malaiti kulibe, alamu," anatero Amama. "Tiyembekezeko pang'ono. Azabwela."

Tinadikiradi pang'ono. Amuna aja ankasuzumira kunja, kudandaula kuti mitsinje idzaza ndipo ng'ombe sizidzawoloka. Amama anayamba kufotokoza ndi pakamwa za misomali yaifupi ndi yaitali, za mfundo za m'mlombwa, anaonetsa ngakhale chipsera cha pachala, koma mawu awo ankamveka ngati a mwana amene waloweza phunziro. Ine ndinkayang'anitsitsa babu lija, kulipempherera ndi mtima wonse, mpaka m'maso munayamba kutuluka misozi. Kathabwa kaja, kopanda msomali wokagwira, kanatsetsereka paguluu n'kugwa pansi.

Adada aakulu anapumira m'mwamba. "Mlamu, ine ninamufunsa Lameki pamaso panu. Anati ndine. Lelo mufuna nikambe kuti malemu ananinamiza?"

Amama anaika mfuti pansi. Anazula chingwe ku soketi, kuchikulunga bwinobwino monga anawaphunzitsira Adada, n'kuika mfuti m'katoni yake. Sanalire. Anatilongedzera zovala, ine ndi Wezi, n'kundinong'oneza kuti ndizimufunditsa mwana usiku chifukwa amataya bulangete.

Anatikweza pamwamba pa katundu, pakati pa matiresi ndi bokosi la zida. Wezi ankasangalala ndi ng'ombe, poyesa tikupita kokacheza. Ine ndinakhala chotembenuka, katoni ya mfuti ikundigunda m'bondo ngolo ikalowa m'dzenje. Amama anaima pamsewu manja ali pamutu, amake Jesi atawagwira m'chiuno. Ndinawayang'ana mpaka tinakhota pa msika.

Kumudzi kunalibe magetsi, ngakhale mtengo umodzi wa mawaya ake. Amuna anagawana macheka, mahamala ndi chopalira matabwa, koma mfuti inasowa woifuna. Adada aakulu anaiika m'thumba n'kuipachika kudenga la nyumba yawo, komwe inada ndi mwaye, misomali yake n'kuchita dzimbiri mpaka kugwirana chibulumwa chimodzi. Anatilera ngati ana awo, sindinagonepo ndi njala, ndipo sukulu ndinapitiriza ngakhale inali kutali. Amama anapita ku Katete. Ankabwera kudzationa akapeza ya basi, atanyamula mbatata kapena kadiresi kosoka okha, akuoneka ochepa thupi ulendo uliwonse. Kenaka anasiya kubwera, ndipo uthenga wa maliro awo unatipeza ataikidwa kale. Chichokereni pa ngolo ija, sindinagonenso nawo nyumba imodzi.

Nthawi ina ndikadali mwana ndinakumana ndi amake Jesi pamsika wa ku boma. Anandiuza, poyesa akundisangalatsa ndi nkhani zakale, kuti tsiku lija magetsi anabwera ngolo yathu isanatuluke n'komwe m'tauni. Ndinalira njira yonse yobwerera kumudzi. Kuyambira pamenepo ndinadana ndi magetsi monga mmene umadanirana ndi munthu. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti akanangoyaka kanthawi kochepa, msomali umodzi wokha ukanalowa m'thabwa, ndipo ine ndi Wezi tikanakulira m'manja mwa mayi athu.

Tsopano ndine wamkulu kuposa mmene Amama analili tsiku limenelo, ndipo ndakhalapo pa misonkhano yotere kangapo, pamphasa pomwepo. Ndikudziwa kuti mfuti ikanalira, Ankhazi akanati n'zoona wakhoma kathabwa kamodzi, nanga kabati yonse? Amuna aja sanayendetse ng'ombe m'matope kuti abwerere ndi ngolo yopanda kanthu. Mlandu wathu sunagamulidwe tsiku la ngolo. Unatha Loweruka lija, pamene munthu amene anayenda ulendo wonse wa ku Lusaka kukasankha chida cholingana ndi dzanja la mkazi wake anafunsidwa funso limodzi ndi mkulu wake. Anali atalandidwa kale thupi, mphamvu ndi ntchito, n'kutsala ndi dzina lokha, ndipo analephera kulipereka. Zimenezi ndimazidziwa bwino lomwe. Koma wina akandifunsa chimene chinatilekanitsa ndi Amama, ndimayankhabe kuti magetsi anathima, chifukwa magetsi si bambo anga.